Tsiku Limene Apongozi Adadzayendera Khitchini Yanga

Sendererani kuno, ana inu, mtedza uli m'denguwu sudzisenda wokha. Iwe Yamikani, ika foni m'thumba, zala zako zakhala zikupalasa kagalasi kameneko chiyambire m'mawa ngati nkhuku padzala. Tadala, khala apa pamphasa, iweyo ndiye mwini nkhani.

Dzulo ndidaona katundu amene amayi a kumpingo ndi anzako adakuunjikira poti ukukwatiwa. Mwambo umenewu mumautcha chiyani kodi? Kicheni topapu? Eya, umenewo. Ife amuna adatithamangitsira kuseri kwa khola ngati tili ndi mphere, koma ine maso ndidasiya pabwalo. Mapoto a zivundikiro zagalasi, mbale zokwana kudyetsa sukulu yonse ya ku Guilleme, ndi chimakina china choti akuti chimaphika mpunga chokha, m'mudzi mopanda magetsi muno. Madzulo ndidafunsa amayi ako kuti, "Nanga mchere alipo wabweretsa?" Adangondiseka. Anthu onse aja, zitenje zofanana, kuvina mpaka fumbi kufika kumsewu, popanda ndi mmodzi yemwe wokumbukira mchere.

Musaseke. Nkhani ya mchere ine ndimaidziwa kuposa aliyense kuno ku Mkanda, ndipo agogo anu aakazi akutsokomola dala m'khitchinimo chifukwa adziwa komwe ndikulowera. Tsokomolani, Nabanda, koma lero ndinena mbali yanga.

Inu mudabadwa n'kutipeza pano, ndiye mumayesa kuti agogo anuwo adamera pabwaloli ngati mtengo wa mangowu. Ayi. Kwawo ndi kwa Mavwere, ndipo ine ndidakhala kumeneko zaka zoposa khumi pachikamwini. Mkamwini, Yamikani, ndi mwamuna amene wasiya kwawo n'kukakhala kumudzi kwa mkazi. Umalima munda wa eni, umamanga nkhokwe ya eni. Nkhuku ikalowa m'nyumba mwako n'kunyera pamphasa, umaitulutsa mwaulemu, chifukwa mwina ndi ya atsibweni a mkazi wako.

Apongozi anga, amayi awo a Nabanda, adali aNankhoma. Munthu wamfupi, woyenda mofulumira, mawu ake akuthwa ngati chikwanje chatsopano. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Mwambo sunkalola mkamwini ndi apongozi aakazi kuyang'anana m'maso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire, ndipo wopatukayo nthawi zonse ndidali ine. Minga imene ndidaponda chifukwa cha ulemu ikadakwana kutchinga dimba. Akafuna kundiuza kanthu, ankauza Nabanda, ineyo ndili pomwepo. Masiku ano ndimaona anyamata akujambulitsa chithunzi atakolowekana mikono ndi apongozi awo. Ine thupi limachita tsemwe.

Tsono kudabwera matipate. Zinthu zambiri zidasintha, koma kwa ife alimi chachikulu chidali chakuti munthu wamba adayamba kulima yekha fodya wa bale, amene kale adali wa maesiteti okha. Nthawi yomweyo atsibweni anga adamwalira n'kundisiyira malo ano. Ndidayamba kumabwera panjinga, kulima, kubwerera. Ndidamanga chigafa. Fodya atandiyanja, ndidamanga nyumba iyi ya malata, ndi kakhitchini pambali, pansi pake simenti yosalala. Kenaka ndidalimba mtima kupempha chitengwa, ndiye kuti kutenga mkazi wanga ndi ana kubwera nawo kwathu.

Atsibweni a Nabanda sadavute. Adangoti, "Funsani amake." Tsiku loyankha, aNankhoma adakhala mbali ina ya nkhokwe, ine mbali ina, Nabanda pakati ngati mlatho.

"Muwauze bambo a Lonjezo," adatero apongozi akuyang'ana nkhokwe. Lonjezoyo ndi amayi akowa, Tadala, nthawi imeneyo atangoyamba kudziona ngati mtsikana. "Muwauze kuti za nyumba ya malata ndamva. Koma malata satendera ndiwo. Ndikaone kaye pophikira mwana wanga. Ndikakapeza zopanda pake, ndibwerera naye, iwo atsale ndi malata awowo."

Nabanda adatembenukira kwa ine. "Amayi akuti..."

"Ndamva," ndidanong'ona.

"Muwauze kuti sadamve, chifukwa sindidathe. Mtondo wa pano, miphika, malichero, zonsezi n'za mbumba. Sizituluka m'mudzi muno, ngakhale chipande chothyoka. Apempha mkazi, atenge mkazi."

Ana inu, khitchini ine ndinkaidziwira pakhomo. M'masiku athu mnyamata akapezeka m'khitchini anzake ankamuseka mpaka kudambwe. Chimene ndinkakumbukira cha amayi anga ndi chidulo basi. Ankatentha zitsononkho za chimanga, phulusa lake n'kuika m'kamphika koboola pansi, n'kuthira madzi kuti azidontha. Madzi amenewo ndiwo ankafewetsa therere, ndipo mchere ukasowa ankatinamiza nawo pakamwa. Inu mumangothamangira kugolosale kukagula soda. Ndili mnyamata ndidakagwirako utenanti ku esiteti, koma kumeneko sikudali kuphika ayi. Amakupatsa phoso, ufa, nyemba zofumbwa ndi kamchere, poto mmodzi wopanda chogwirira, mthiko n'kuthyola m'tchire. Amenewo ndiwo adali maphunziro anga onse.

Koma ku esitetiko ndidapezako mnzanga, Jailosi wa ku Thyolo. Adabwera ngati tenanti, kwawo sadabwererenso, adakwatira konkuno kuseri kwa msika. Jailosi adasesapo kunyumba kwa manijala miyezi ingapo, ndipo chichokere kumeneko ankadzitcha khukhi. Ndidamufotokozera vuto langa.

"Amwene," adatero Jailosi, "apongozi simungawagonjetse ndi mthiko. Mthiko ali nawo kwawo. Muwaonetse zinthu zoti chibadwire sanazionepo. Akalowe m'khitchinimo, mawondo awagwedere."

Mpaka lero ndimati mawu amenewo adali ndi nzeru mkati mwake. Mwamva kutsokomola kuja? Musakusamale.

Chidali chaka cha chisankho chachiwiri chiyambire matipate, nyengo yozizira, nditangogulitsa mabelo oyamba. Tidanyamuka m'mamawa panjinga ziwiri, zala zitauma pa handulo, mpaka paboma, kenaka kumalire. Nthawi imeneyo ziwiya za ku Zambia zinkatchipa, ndipo ndalama zawo ukasintha zinkadzaza thumba, munthu n'kumayenda motakataka ngati mwini esiteti. Tidalowa m'sitolo ya mnyamata wina wa ku Chipata, pakamwa pake pothira mafuta.

"Mufuna chani, ba Malawi? Tengani iyi, ni yabwino maningi, amai azakondwela!"

Chilichonse chimene ankanyamula, Jailosi ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Kwa manijala chinalipo chimenechi." Tidagula fulasiki yamaluwa ofiira. Makapu adothi okhala ndi timbale take pansi. Thireyi yojambulidwa mphaka. Mafoloko. Ketulo yoimba mluzu madzi akawira. Chotsegulira zitini. Chopondera mbatatesi. Chitini cha ufa wa kasitadi. Kachitsulo kena kopotanapotana, komenyera mazira...

Mwamva zimene akukuwa m'khitchinimo? Akuti ndidagula chomenyera mazira ndilibe nkhuku. Nkhuku zikadabwera, Nabanda! Munthu amakonzekeratu.

Ndidagulanso pakaunjika jekete ndi malaya owala bwino, kuti apongozi akandione kumsana ndili munthu. Ndidavala pomwepo. Sindidaganize n'komwe kuti mtundu wa malayawo ndi wa chipani china. Ndale ine ndinkangozimvera pawailesi ya anzanga.

Tsono tcherani khutu apa, chifukwa apa ndi pamene agogo anu amadumpha akamakamba nkhaniyi kwa amayi anzawo. Pobwerera, titafika pamsika wa paboma, ine ndekha, popanda wondiuza, ndidaima. Ndidati, "Jailosi, nanga mchere?" Ndidagula mchere wamibulu jumbo lathunthu. Ndidagula machesi, soda, shuga, masamba a tiyi, mafuta ophikira a m'timapepala tija tomanga kukamwa. Kwa mkulu wina wosema ndidagula mthiko wabwino ndi chipande, ndi lichero lomwe. Ndidagula! Koma poti zidali zomalizira, tidazimanga pamwamba pa makatoni ndi malegeni.

Tidapitiriza ulendo wobwerera dzuwa litapendeka. Jailosi patsogolo akuliza belu kuti anthu apatuke, ine pambuyo, jekete likuuluka, makatoni mpaka m'khosi, ziwiya zikulira ngwengwerengwe pabampu iliyonse. Titatsala pang'ono kufika, njira idatidutsitsa pamudzi wina wa kutsidya kwa dambo lalikulu lija. Pabwalo la sukulu padali anthu ngati nyerere. Tidamva pambuyo pake kuti munthu wina wofuna uphungu adawalonjeza kuti abwera kudzachititsa msonkhano ndi kugawa zinthu. Adamudikira chiyambire m'mawa, ng'oma zidachita kuzizira, iye osaoneka. Ndiye atangoona munthu wa jekete, malaya a chipani, makatoni, ndi wina patsogolo akuliza belu, mtsikana wina adakuwa kuti, "Afika! Afika!"

Nthungululu zidang'amba mlengalenga. Ndisadatsike n'komwe, amayi adatizinga akuvina. Ndidamva bambo wina akufunsa kuti, "Phungu wake wa panjinga?" Mnzake adayankha kuti, "Galimoto yawafera kumlatho. Taonani kudzichepetsa kwake!"

Agogo ena a dzino limodzi, fodya wamphuno ali mbuu pamlomo, adagwira handulo ya njinga yanga ndi manja onse awiri. Dzina lawo ndidalidziwa pambuyo pake, aNangozo. Mphamvu zawo, ana inu, ngati za ng'ombe yapangolo.

Ndidakweza mawu. "Pepani amayi ndi abambo, mwalakwitsa. Ine ndine mlimi chabe."

"Mwamva! Mlimi mnzathu!" M'manja phwaphwaphwa.

"Ayi, ndikuti ine ndilibe kanthu. Ndili ndi mavuto anga, apongozi andipanikiza..."

"Amawadziwa mavuto a anthu ameneyu! Si enawa ongodutsa pagalimoto!"

Ng'oma zidayambanso. Ana adayamba kugwiragwira makatoni. Jailosi adasendera pafupi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. "Amwene, tikapanda kugawa kanthu pano, tichoka opanda njinga. Masulani zapamwambazo. Zodula zili pansi."

Nanga inu mukadatani? Ndidamasula. Machesi adapita. Shuga adapita. Timapepala ta mafuta tidauluka ngati ziwala. Lichero mayi wina adavala kumutu. ANangozo adasiya handulo n'kulanda mthiko, n'kuyamba kuvina nawo ngati akutsogolera kwaya. Apo n'kuti Jailosi atakwera pachulu, mantha atasanduka ulaliki. Adawalonjeza mjigo. Adawalonjeza mlatho. Adawauza kuti bwanawa amakhala nyumba ya malata yatsopano ija kutsidya kwa dambo, ndipo khomo lawo satseka. Ndidamukodola kuti atsike, iye n'kumayesa ndikumulimbikitsa. Pomaliza ndidaponya jumbo la mchere pakati pa bwalo, ndipo anthu atawerama kugawana, tidapalasa njinga osacheuka.

Kunyumba tidafika ndi zodula zokhazokha. Ndalama zidali zitathera kumalire ndi pamsika paja. Ndidati palibe kanthu, apongozi akubwera mawa madzulo, m'mawa ndizungulira kwa anansi kupempha timchere ndi kubwereka mthiko. Tidayala katundu pathabwa m'khitchini, makapu pamzere, mafoloko ataimikidwa m'chitini ngati maluwa. Kunena zoona, mudakongola. Jailosi adaima pakhomo manja m'chiuno n'kuti, "Ngati kwa manijala."

Sindidadziwe kuti aNankhoma adali atanyamuka dzulo lake n'kugona kwa mbale wawo paboma, kuti akwere matola yoyamba. Kutacha, ndikusukusula kumaso, ndidangoona anthu awiri akutulukira panjira ya kuchigafa, wamfupi patsogolo akuponda mofulumira, Nabanda pambuyo ndi kathumba pamutu. Ndidathamangira jekete. Ndidagwada kuseri kwa mtengo wa mangowu kupereka moni, iwo adayankha akuyang'ana phiri. Madzi akumwa adakana. Adalunjika kukhitchini.

Ine ndidaima kunja, msana nditatsamira khoma, khutu lili pazenera. M'katimo mudakhala chete nthawi yaitali. Ndidati mumtima, mawondo ayamba kugwedera.

"Nabanda, uwafunse bambo a Lonjezo. Muno ndi m'khitchini kapena m'sitolo?"

"Akuti muno ndi..."

"M'khitchini," ndidayankha ndikuyang'ana kumwamba.

"Mafuwa ali kuti?"

Ndidati tidzagwiritsa ntchito mbaula, kuopa kudetsa simenti.

"Mbaulayo ili kuti?"

Ndidati ili m'mapulani.

Ndidamva chitsulo chikugogoda pathabwa. "Nanga ichi n'chophera makoswe?"

"Chopondera mbatatesi, amayi."

"Amalima mbatatesi?"

"Ayi, amayi."

"Oho. Nanga timakasu tamanoti?"

"Mafoloko, amayi. Odyera."

"Zala zawo zidatani?"

Ndidamva Nabanda akufwenthera, ndidadziwa kuti aluma chitenje kuti asaseke. Kenaka ndidamva chivundikiro cha chitini chikutseguka, ndipo mawu a apongozi adasintha. Ufa wa kasitadi uja adauona ngati ufa wachikasu wa chithandizo umene tidalandira chaka cha chilala, matipate asadabwere. Inu simudaudye ufa umenewo, ndipo musaufune.

"Ufa wa chilala! Auika m'chitini ngati mankhwala! Ndiye mwana wanga ndi adzukulu anga azidzadya kachitini aka?"

Ndidayesa kufotokozera khoma kuti ndi chakudya cha azungu chothira shuga. Adafunsa shugayo. Adafunsa mthiko, chipande, lichero, mphika wa ndiwo, mtsuko wa madzi, mtondo, sefa. Adafunsa nsinjiro, nyemba, mfutso. Funso lililonse linkadutsa mwa Nabanda, ndipo mawu a Nabanda ankanka nachepa. Kuseka kuja kudatha. Pomaliza apongozi adati, "Tiyeni tiwiritse madzi m'chiketulo chawochi, timwe tizipita. Machesi."

Ndidapapasa m'matumba a jekete, osapezamo kanthu.

"Senza kathumba kako, mwanawe. Matola ya masana tiipeza."

Nabanda adatuluka. Adaima pafupi nane, maso ali jenjenje ndi misozi. Mudziwe kuti nayenso ankafuna pakhomo pakepake. Zaka zonse zija ankaphika pamoto wa amayi ake, kupempha chilolezo ngakhale chopha nkhuku yake yomwe. Adanong'ona kuti, "Inunso, bambo a Lonjezo. Ngakhale mchere?"

"Ndidagula."

"Uli kuti?"

Ndikadayambira pati? Ndani akadakhulupirira? Pamenepo ndidaona nyumba yanga ya malata ikusanduka chigafa chachiwiri, ine ndikubwerera kukapatukira minga kwa Mavwere mpaka imvi.

Ndiye kudamveka ng'oma kuchokera kudambo.

Adatulukira pamzere, amayi okhaokha ndi ana kumbuyo, akuimba nyimbo yotchula malata anga. Patsogolo aNangozo, mthiko wanga uli m'mwamba. Adabwera kudzathokoza, komanso kudzafunsa kuti mjigo uja akumba liti. Ndidafuna kulowa m'nkhokwe, koma idali yodzaza. Adandizinga pabwalo pomwe mwakhalapa. ANankhoma adatuluka m'khitchini chopondera mbatatesi chili m'manja, ndipo agogo awiriwo adakumana maso ndi maso.

"Ndinu amayi awo a bwana phungu?" adafunsa aNangozo.

"Ndine apongozi awo. Phungu wake uti?"

"Awa! Munthu wa anthu. Dzulo adatigawira mchere mudzi wonse. Machesi, shuga, mafuta. Ine adandipatsa mthikowu ndi manja awo."

"Mudachita kulanda," ndidatero chapansipansi.

ANankhoma adayang'ana mthiko. Adayang'ana mayi wina amene adabwera atasenza lichero latsopano. Adayang'ana malaya anga. Kenaka adangokhala pansi pafumbi, miyendo tambalale, n'kuyamba kuseka. Adaseka mpaka chitenje kumasuka, misozi kutsika, kutsokomola, n'kuyambiranso. Ndipo poseka adaiwala mwambo, adandiyang'ana m'maso n'kundiloza ndi chopondera chija. Tsiku limenelo ndi limene ndidadziwa kuti apongozi anga adali ndi mpata pamano, wofanana ndendende ndi wa Nabanda.

Atapuma adadzuka, n'kumanga chitenje molimba ngati akupita kumunda.

"Amayi inu, khalani pansi. Phungu wanuyu ali ndi katundu wina m'nyumbamo, wabwino kuposa wadzulo. Koma lero n'zosinthana. Nabanda, tulutsa thireyi."

Ana inu, ndidaonapo anthu ogula fodya, ndidaonapo mavenda a kumalire, koma wamalonda ngati aNankhoma sindidamuone. Zinthu zomwe ankazinyoza m'mawa womwewo adayamba kuzitama. Foloko adati ndi yopesera ana tsitsi, nsabwe sizipulumuka. Chopondera mbatatesi adati n'chofinyira phala la mwana. Kasitadi adalawitsa aliyense pachala n'kunena kuti ndi chimene chimanenepetsa ana a mabwana. Kapu ndi kambale kake adazilekanitsa, chilichonse mtengo wakewake. Amayi aja adayamba kuthamanga kuwoloka dambo, kupita ndi kubwera. Udabwera mphika wa ndiwo wakuda kale, umene apongozi adauomba ndi chala kumvera ngati uli ndi mng'alu. Udabwera mtsuko, sefa, chikho chomwera madzi. Zidabwera zikwatu za mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya, nsinjiro m'kambale, nyemba, chimera, tsabola wouma womangidwa pachingwe. Atsikana awiri adabwera akugubuduza mtondo, wachitatu atasenza munsi paphewa ngati mfuti. Mchere wanga udabwerera pang'onopang'ono, wina m'tsamba, wina womangidwa pakona ya chitenje. Machesi adabwera mabokosi oyamba kale.

Ine ndidangokhala pachitsa kuonerera chuma changa chikuwoloka dambo. Chilichonse chikanyamulidwa, mtima unkachita kuti thi. Jailosi adafika pakati pa msikawo, ataona adangovula chipewa n'kubwerera.

ANangozo ndiwo adavuta. Mthiko adaukumbatira pachifuwa, akuti ndi mphatso ya boma. Apongozi adatuma ana kukatola miyala itatu kudambo, n'kuiika pakati penipeni pa simenti yanga yosalala, n'kukoleza moto, n'kutereka ketulo. Itayamba kuimba mluzu, aNangozo adalumpha n'kubisala kuseri kwa Nabanda. Kenaka adasuzumira, adasendera, adamvetsera mutu uli chopendeka. "Imaitana yokha?" Adapereka mthiko, n'kuwonjezera ndi nkhuku yathadzi.

Mwamva, Nabanda? Nkhuku idabwera. Koma n'kuti chomenyera mazira chitapita kale ndi mayi wina wosinthitsa ndi dengu.

Chimene chidapulumuka ndi fulasiki yokha, chifukwa agogo anu adaibisa m'kathumba kawo. Tidamwera tiyi wotentha kumunda zaka zingapo. Idatichoka chaka cha njala chija, amayi ako ali kusekondale, Tadala, pamene tidaisinthitsa ndi ndowa ya gaga. Chaka chimenecho m'khitchinimo mudatsala mphika uja, mchere ndi zikwatu zolendewera kudenga, ndipo ndi zimene zidatifikitsa pa chimanga chachiwisi tonse amoyo. N'chifukwa chake mumaona agogo anu akuyanika masamba mvula ikamatha ngakhale kudimba kuli ndiwo zambiri, inu n'kumawaseka kuti akudetsa bwalo. Iwe Tadala, mapoto agalasiwo ulandire, ndi abwino. Koma usadasamuke ukhale nawo tsiku limodzi m'khitchinimo, akuonetse zimene dzanja limafuna m'mawa uliwonse.

Tsiku lija matola ya masana idapita yopanda apongozi ndi Nabanda. Apongozi adayendayenda m'khitchini akusuntha zinthu, mtsuko pakona yozizira, mchere m'kachikho pafupi ndi moto kuti usanyowe, machesi pamwamba pa khoma posafika ana. Adandituma kudzera mwa Nabanda kuti ndimange thandala loyanikapo mbale dzuwa lisadalowe, ndipo ndidamanga nditavala jekete. Tidadya nkhwani zotendera ndi nyemba, iwo m'khitchini, ine pakhonde. Za chitengwa sadatchule. Ine sindidafunse.

M'mawa mwake adaitana Nabanda kuseri kwa nyumba. Adakhalitsa kumeneko. Potuluka onse awiri maso adali ofiira, akuti utsi wa nkhuni za ku Mkanda ndi woipa. Apongozi adamanga mpango wawo, adaima pafupi ndi mtengo wa mangowu, n'kuuza mtengowo kuti, "Muwauze bambo a Lonjezo kuti Loweruka akatenge ana. Mkazi wawo ndamusiya. Koma asadzapitenso okha kumsika." Adanyamuka ndi kuyenda kwawo kofulumira kuja, osacheuka. Nabanda adawaperekeza mpaka kumsewu, ndipo pobwera adalowa m'khitchini mwake n'kuyamba kusesa, ngakhale mudali mosesa kale.

Chisankho chidachitika patapita masabata ochepa. Malo athu oponyera voti adali pasukulu yomwe ija kutsidya kwa dambo. Ndidavala malaya akalekale osaoneka mtundu, chipewa ndidakokera kumaso, n'kuima pamzere mwakachetechete. Ndili pafupi kulowa, ndidamva dzanja likundigwira pamkono, mphamvu zake zodziwika. ANangozo, chala chili ndi inki.

"Bwana, mwatichita zotani? Ndafunafuna nkhope yanu papepala paja, kutembenuza uku ndi uku, osaipeza."

Ndidati, "Agogo, ndidakuuzani kuti ine ndine mlimi."

"Aaa, musadandaule," adatero akundisisita pamkono. "Ndawauza anzanga onse. Tangochonga wina wa makutu akuluakulu ngati anuwa."

Ndipo munthuyo adapambana, ana inu. Mukuyang'ana chiyani? Yang'anani mtedzawo.